A Msaiwale ndi Khonde la ku Guildford

A Rodwell Msaiwale ndi kalipentala. Anabadwira ku Mitundu mu 1966. Ntchito anaiphunzira kwa amalume awo ku Mchesi, mu Lilongwe, m'mashedi aja a m'mbali mwa msewu momwe mipando, zitseko ndi mabokosi a maliro zimapangidwira malo amodzi. Anakhalako zaka zoposa makumi awiri. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, ndipo chala chawo chamkombaphala cha kumanzere n'choduka nsonga. Pensulo amaika kukhutu ngakhale m'tchalitchi.

Ku Perth sanabwere chifukwa cha matabwa. Akazi awo, a Gladness, ndi namwino, ndipo anapeza ntchito ku Midland mu 2016. A Msaiwale anangotsatira pa viza ya akaziwo, monga ambiri mwa amuna ife. Mapepala a ukalipentala analibe. Ku Mchesi sakufunsa pepala, amangogwedeza mpando umene wapanga kuti aone ngati ukulira. Choncho anayamba ntchito yochapa zofunda kunyumba ina yosungirako okalamba. Zida zawo, zomwe anabwera nazo m'sutikesi atazikulunga m'majuzi, anaziika m'galaja ku Maddington.

Ine ndinawadziwira kutchalitchi. Loweruka ankatikonzera zinthu: mashelufu, zitseko za makabati, bedi limene ana athyola. Kuyambira ku Mirrabooka mpaka ku Kenwick, Mmalawi akafuna chathabwa ankauzidwa kuti afunse a Msaiwale. Zimene iwo anena palibe ankatsutsa.

Mu 2022 mayi wina wa mumpingo mwathu, a Callista, namwino wamasiye wa ana awiri, anagula nyumba ku Guildford. Ndi dera lakale, pafupi ndi Midland, ndipo sitima imaima pomwepo. Nyumbayo inali yaing'ono, ya njerwa zofiira, yomangidwa cha m'ma 1905. Pogula anasaina mulu wa mapepala. Limodzi mwa iwo linkanena kuti msewu wonsewo ndi wotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, ndipo kusintha chilichonse chooneka kumsewu kumafuna chilolezo cha khonsolo. A Callista sanaliwerenge. Ine ndikanakhala iwo sindikanaliwerenganso.

Amayi awo anali kubwera kuchokera ku Dedza kudzakhala miyezi ingapo, koma zipinda zinali ziwiri zokha. Kutsogolo kunali khonde lalikulu lopanda ntchito. Kwathu zikatero palibe amaganiza kawiri. Umatseka khonde, waika windo ndi chitseko, chipinda chapezeka. Titaweruka kutchalitchi a Callista anafunsa a Msaiwale ngati pamafunika chilolezo. Iwo anati denga lilipo kale, pansi palipo kale, ndiye sitikumanga, tikungotseka. Ine ndinali pomwepo ndipo ndinavomereza ndi mutu.

Loweruka lotsatira tinafika amuna khumi ndi mmodzi. Umu ndi mmene timachitira kuno. Wina akamasamuka kapena kumanga shedi, timalemba pa gulu la pa foni, amuna amabwera ndi zida, amayi ndi mapoto. Khondelo linali ndi nsanamira zisanu za thabwa lofiira la kuno lotchedwa jarrah, lolimba kuposa mbawa. Pamwamba pa nsanamira iliyonse panali timatabwa tiwiri tosema mokhotakhota, kena uku kena uku, tomwe a Msaiwale ankatitchula kuti makutu. Pansi panali kampanda ka matabwa kofika m'chiuno. Zonse zinali zosuwa, penti ikusendeka.

Nsanamira tinazisiya chifukwa zinanyamula denga. Kampanda ndi makutu asanu ndi limodzi a kutsogolo anagumula a Goodwill, dalaivala wa basi, munthu amene akagwira nyundo sadikira kuuzidwa kawiri. Makutu anayi a m'mbali anapulumuka chifukwa sankatchinga malo a windo, tinangowatsekera mkati mwa mabolodi. Zogumulazo a Goodwill anakataya okha kudzala tsiku lomwelo kuti pakhale paukhondo. Pofika folo koloko chipinda chinali chitatha, chopakidwa penti yobiriwira. Chinali chabwino. Ndikunenabe mpaka lero kuti chinali chabwino.

Nyumba yoyandikana nayo inali mapasa ndi ya a Callista, zomangidwa ndi munthu mmodzi chaka chimodzi. Pakhonde pake panakhala mzungu wina wokalamba ndi galu wake, kutiyang'ana kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ife tinkati akusirira.

Patapita masabata atatu kunabwera kalata ya khonsolo. Inati chipindacho chichotsedwe ndipo khonde libwerere mmene linalili pasanathe masiku 60. Apo ayi, nkhani ipita kukhoti. A Callista sanayimepo pamaso pa woweruza chibadwire, ndipo ankaopa kuti mlandu ukhoza kuwadetsera dzina kuntchito. Anabwera nayo kalatayo kutchalitchi, naipereka kwa a Msaiwale pamaso pathu, nawaitana ndi dzina la mwana wawo.

“Bambo a Sekani, paja munati sitikumanga.”

A Msaiwale anaiwerenga kawiri, naipinda, nati Lolemba apita nawo ku khonsolo. Anandipempha kuti ndiwaperekeze poti ndine wamkulu.

Ku khonsolo anatilandira mayi wina wachitsikana, wa nsapato za zitsulo kumapazi ngati womanga. Sanakalipe. Anatulutsa mapu, natisonyeza msewu wonse utazunguliridwa ndi mzere wofiira. Anati nyumbayo ndi ya a Callista, koma nkhope yake ndi ya msewu wonse. Kumbuyo akhoza kumanga chipinda akapempha chilolezo, kutsogolo ayi.

A Msaiwale anali ndi mafunso ambiri kuposa mwini nyumba. Anafunsa kuti nanga thabwa likaola amatani. Anawayankha kuti amaika lina la mtundu womwewo, losemedwa chimodzimodzi. Nanga munthu akafuna kuika chabwino kuposa chakalecho? Mayiyo anati chabwino kuposa sachifuna, amafuna chomwecho. Tili pa sitima pobwerera, a Msaiwale anandiuza kuti ku Mitundu munthu akasiya nyumba mmene anaisiyira agogo ake, anthu amati ana ake ndi osathandiza. Kuno amamulembera kalata yomuyamikira. Sananene mokwiya. Ankangofuna kumvetsa kuti anthuwa amaona chiyani pa thabwa losuwa.

Anapempha tchuthi kuntchito. Gulu linadzipereka kuti libwerenso Loweruka, koma a Msaiwale anawakana, makamaka a Goodwill. Anagumula chipindacho okha masiku awiri, misomali akuizula umodziumodzi kuti nsanamira zisang'ambike. Makutu anayi aja anatuluka ali bwino, choncho chitsanzo cha makutu chinalipo. Vuto linali kampanda. Palibe ankakumbukira maonekedwe ake. Tinafufuza zithunzi za tsiku lija pa gulu. Zinalipo zoposa makumi asanu. Zonse zinali za anthu: a Goodwill atakweza nyundo, amayi akuotcha nyama, ine nditakhala pa kuleti. Kampanda kankangooneka pang'ono pakati pa miyendo ya anthu.

Kampanda kena kofanana nako kanali pakhonde la mzungu uja. Tonse tinkadziwa kuti ndi amene anatinenera.

A Msaiwale anati sangapite kukapempha kanthu kwa munthu amene amulakwira asanapepese, ndipo sangapepese okha ngati mwana wopanda akuluakulu. Anakagula nkhuku yamoyo kwa banja lina la ku Zambia limene limaweta ku Kenwick, naiika m'katoni yoboola. Ine ndinavala jekete. Tinagogoda cha m'ma teni koloko m'mawa.

Mkuluyo dzina lake ndi a Len. Anatsegula chitseko, galu akununkhiza katoni. Ndinayamba kulankhula monga timachitira. Ndinati tabwera ndi mnzangayu amene analakwitsa mosadziwa, wabwera kudzagwa pamapazi awo. A Msaiwale anaima kumbuyo kwanga, chipewa chili m'manja. A Len anandidula.

“Kodi mnzanuyu salankhula?”

Ndinati amalankhula, koma kwathu wolakwa sayamba ndiye.

“Nanga wanyundo uja ali kuti?”

“Ali pa basi.”

“Akhale komweko. Kalata ya ku khonsolo ndinalemba ndine. Mukachitanso ndidzalembanso.”

Ndinati tikudziwa, n'chifukwa chake tabwera ndi kanthu kakang'ono. Anasuzumira m'katoni, nkhuku nayo inawasuzumira. Anafunsa ngati ili ya mazira kapena ya mpoto. Ndinati zili kwa iwo. Anati galu yekha akuwakwana, tibwerere nayo. Tinabwerera nayo, ndipo a Gladness anaiphika Lamulungu.

Koma tisanachoke a Msaiwale analankhula. Anapempha kuti ayeze kampanda. A Len anafunsa kuti ayeza ndi chiyani, ndipo adzasema ndi chiyani. A Msaiwale anapita kugalimoto, nabwera ndi chikwama chawo. Munali macheka awiri, matchizulo, ndi puleni yathabwa ya amalume awo, chogwirira chake chitalowa mkati ndi kugwidwa zaka zambiri. A Len anaitembenuza, nayesa mpeni wake pa chikhadabo. Tinamva pambuyo pake kuti anagwira ntchito zaka makumi atatu ku mashopu okonzera sitima ku Midland, akukonza matabwa a m'mabogi, mpaka pamene mashopuwo anatsekedwa. Anabweza puleniyo nati ayeze, koma asatsamire kampanda.

Kuyezako kunatenga masiku atatu. Ine ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya ola limodzi, koma a Msaiwale anapeza chinthu chimene chinawasokoneza. Timatabwa ta kampandako sitinali tofanana. Kena kanali konenepa pang'ono, kena kopendekera, mipata yake yosiyana ndi theka la chala. Makutu anayi aja nawonso, atawaika pamodzi, sanagwirizane. Kalipentala wa 1905 ankadula ndi diso, ndipo macheka ake ankakokera mbali imodzi. A Msaiwale ankati mwina anali wamanzere. A Len ankati anali woledzera. Anakangana nkhaniyi sabata yonse, wina ali pa makwerero, wina ali pa mpando wake.

A Msaiwale anapalanso khutu limodzi kuseri kuti aone mtundu wa penti. Anapeza mitundu isanu ndi iwiri yosanjikizana: yobiriwira pansi penipeni, kenako yofiirira, yoyera kangapo, ina yachikasu imene a Len anati inali ya mayi wina wa m'ma 1970 amene sankagwirizana ndi aliyense. A Msaiwale anandiitana kuti ndidzaone, ngati kuti apeza mgodi. Ndinaona penti.

Matabwa anakagula ku yadi ina ya ku Maddington yogulitsa zogumula m'nyumba zakale, chifukwa jarrah watsopano sagwirizana ndi wakale. M'matabwawo munali misomali yobisika imene inawathyolera mano a macheka kawiri. Thabwalo ndi louma ngati fupa. Anati mlombwa umakumvera, koma ili umachita kulipempha. A Len sanagwirepo chida ngakhale kamodzi. Ankangokhala pakhonde pawo n'kumanena kuti apo pakhota, apo wadya kwambiri. Ankawatchula kuti Rod. A Msaiwale ankawatchula kuti madala, ndipo atafunsidwa tanthauzo lake anati ndi ulemu wa munthu amene amaona ntchito ali chikhalire.

Amayi a a Callista anafika mkati mwa zonsezi, nagona chipinda chimodzi ndi mdzukulu wawo. Ankatuluka m'mawa uliwonse kudzaona, ndipo anafunsa kangapo ngati n'zoona kuti boma la kuno limamanga munthu chifukwa chokonza nyumba yake. A Callista sankatuluka. Akamapita kuntchito ankadutsa pakhonde n'kupereka moni, osayang'ana m'mwamba. Tsiku lina anangofunsa kuti kwatsala masiku angati. A Msaiwale anati khumi ndi asanu ndi atatu. Anati iwo awerenga khumi ndi asanu ndi awiri.

Pofika tsiku la 45, kampanda ndi makutu asanu ndi limodzi zinali zitakhomedwa. Zinali zokongola, ndipo a Msaiwale anada nazo nkhawa pa chifukwa chomwecho. Makutu atsopano anali akuthwa m'mphepete, osalala ngati mbale. Akale aja anali obuntha, olemera ndi penti, a zipsera. Aliyense wodutsa akanatha kuloza kuti ili ndi latsopano. Kalata inati khonde libwerere mmene linalili, ndipo iwo anaganiza kuti mayi wa ku khonsolo akaona chatsopano akana.

Ku Mchesi luso lawo linali lotenga kabati yakale n'kuipala, kuipaka vanishi, mpaka wogula n'kulumbira kuti yatuluka kumene m'shedi. Tsopano anachita zomwezo chobwerera. Anabunthitsa mphepete ndi sandipepa. Anamenya apa ndi apo ndi mutu wa bawuti. Anaboola timabowo ta misomali imene sinakhomedwepo, natitseka ndi phala la matabwa. Kenako anapaka penti kasanu ndi kawiri, akudikira kuti iume, akusiya dala madontho oyenderera m'makona. Zinatenga masiku khumi ndi awiri. A Len anati pa moyo wawo wonse sanaonepo munthu akuvutika chonchi kuti ntchito yake ioneke yoipa.

Mayi wa ku khonsolo anabwera Lachitatu, kutatsala masiku awiri. Tinalipo ine, a Msaiwale ndi a Callista, amene anapempha kuti asinthane shifiti ndi mnzawo. A Len anali pa mpando wawo. Mayiyo anayeza msinkhu wa kampanda, nayerekeza ndi ka a Len. Anakwera makwerero, nayang'ana makutu limodzilimodzi, akugwira ndi chala. Anatsika, napita pakati pa msewu, nayang'ananso. Anabwerera akuwerenga m'faelo yake.

“Apa palembedwa kuti makutu anayi ndiwo anatsala. Ine ndikuona khumi akale. Atsopano ndi ati?”

Ine ndinaganiza kuti akutchera msampha, kuti tikaloza anene kuti amenewo achoke. A Callista anayang'ana a Msaiwale. Ndinanong'oneza a Msaiwale m'Chichewa kuti anene kuti tinawapeza kudzala tinawabweza, nkhani ithe.

“Ayi, akulu,” anatero a Msaiwale. “A Callista ndinawanamiza kamodzi mosadziwa. Kachiwiri kakhala kodziwa.”

Anakwera makwerero, nagwira makutu awo asanu ndi limodzi, lililonse akunena kuti ili ndi langa. Anati kampanda konse ndi kawonso. Anafotokoza za bawuti, za timabowo, za penti kasanu ndi kawiri. Ankalankhula ngati munthu amene akuulula kuba.

Mayiyo anakweranso, nayang'ana nthawi yaitali khutu limodzi la a Msaiwale ndi lakale loyandikana nalo. Anafunsa kuti anaphunzira kuti. Anati ku Mchesi. Anafunsa ngati ndi koleji. A Msaiwale anati ndi msewu.

Kenako anatiuza chinthu chimene palibe mwa ife ankachiyembekezera. Anati ntchitoyo ndi yabwino koma sangasaine. Iwo safuna kuti chatsopano chinamizire kukhala chakale. Munthu woima kumsewu aone khonde limodzi, inde. Koma mmisiri amene adzakwere makwerero zaka makumi asanu zikubwerazi ayenera kudziwa kuti ili ndi la 1905, ili ndi la pambuyo pake. Anapempha kuti thabwa lililonse latsopano lilembedwe chaka kuseri kwake, pobisika, ndipo adzabweranso Lachisanu, tsiku lomaliza.

“Ndiye penti yonse ija?” anafunsa a Msaiwale.

Mayiyo anati kawiri kanali kokwana.

A Len anaseka mpaka galu anadzuka. A Msaiwale anawafunsa ngati ankadziwa zimenezi. Anati ankadziwa. Nanga bwanji sananene? Anati palibe anawafunsa, komanso ankafuna kuona ngati munthu angafikedi kasanu ndi kawiri. Atatero analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka zidindo zachitsulo za manambala, za ku mashopu a sitima kuja. Anati abweze zonse khumi, aziwerenga.

Kumasula thabwa lopakidwa penti kasanu ndi kawiri osaliswa si ntchito yaing'ono. A Msaiwale anadula penti ndi mpeni m'malumikizo, natsitsa makutu asanu ndi limodzi ndi zigawo zinayi za kampanda. Ine ndinkagwira, iwo akumenya chidindo: 2022, kuseri kwa lililonse. Khutu limodzi linang'aluka pomenya. Analiyang'ana, natenga thabwa lotsala, nasema lina. Limeneli analipaka kawiri kokha. Anamaliza kukhoma Lachisanu m'mawa, penti ikadali yonata.

Mayi uja anafika masana ndi kagalasi kakang'ono ka pa ndodo, konga ka dokotala wa mano. Anakalowetsa kuseri kwa khutu lililonse ndi pansi pa kampanda, akuwerenga chaka. Penti inamudetsa chala. Anapukutira pa buluku lake, natsamiritsa faelo pa nsanamira, nasaina. Anauza a Callista kuti nkhani ya kukhoti yatha, kalata idzabwera pa positi.

A Callista anafunsa kawiri ngati yathadi. Atamva, anakhala pansi pa sitepe ya khondelo, navula nsapato za kuntchito. Kenako anati, “Bambo a Sekani, mumwa tiyi?” Iwo anati amwa akasesa.

Lolemba a Msaiwale anabwerera kochapa zofunda. Pano amachapa masiku atatu pa sabata. Masiku awiri amagwira ntchito ndi womanga wina wa mapepala amene amakonza nyumba zakale za m'derali, ndipo iwo ndi amene amamasula mawindo akale aja okwera ndi kutsika pa zingwe. Amati mkati mwa mafelemu ake muli zitsulo zolemera zopachikidwa, zimene munthu sangazione mpaka atatsegula, ndipo sabata ino akufufuza kuti anthu akalewo ankadziwa bwanji kulemera koyenera windo lililonse.